Chifukwa chake Malawi anakana lamulo lomanga anthu omwe ali ndi HIV

Mu 2016 mayi wina wa kumudzi anapita ku msonkhano atabereka mwana wake woyamwa. Ali pomwepo, mayi mnzake anamupatsa mwana kuti amugwirire, ndipo mwana wa mwiniyo anayamwa bere lake. Mayi wogwirizira mwanayu ali ndi kachirombo ka HIV, ndipo pa nthawiyo n'kuti akumwa ma ARV. Nkhani inafika kupolisi. Anamugwira n'kumuimba mlandu pa gawo 192 la malamulo a milandu, Penal Code, lomwe limaletsa kuchita mosasamala chinthu chimene chingafalitse matenda oopsa. Loya analibe. Bwalo la majisitireti linamulamula kukakhala kundende miyezi 9 akugwira ntchito yakalavulagaga. Mwana uja atamuyeza, sanapezeke ndi kachirombo.

Mlanduwu umadziwika ndi zilembo ziwiri zokha, E.L., chifukwa khoti linabisa dzina la mayiyo. Mu Januwale 2017, Khoti Lalikulu ku Zomba, pamaso pa Jaji Zione Ntaba, linafafaniza chigamulo chija. Amene anamuimira pa apilo anali loya Wesley Mwafulirwa, mothandizidwa ndi bungwe la Southern Africa Litigation Centre. Khoti linapeza kuti mlandu sunazengedwe mwachilungamo, kuti chinsinsi cha umoyo wa mayiyo chinaphwanyidwa, ndiponso kuti panalibe umboni wosonyeza kuti mayi amene ali pa mankhwala, atayamwitsa kamodzi kokha, angapatsiredi mwana kachirombo. Tisaiwale kuti a zaumoyo m'dziko muno amalangiza amayi omwe ali ndi HIV kuti azimwa mankhwala ndi kuyamwitsa ana awo. Chimene namwino ankamulimbikitsa kusikelo, bwalo loyamba lija linachiona ngati chida choopsa.

Chigamulochi chinabwera pa nthawi yake, chifukwa chaka chomwecho aphungu a Nyumba ya Malamulo anayenera kuyankha funso lomwe linakhala likuzengerezedwa kwa zaka pafupifupi 10: kodi dziko liteteze anthu ake ku HIV pokakamiza kuyezetsa ndi kumanga opatsira anzawo, kapena poteteza ufulu wa omwe ali ndi kachirombowo? Ambiri amaganiza kuti apa pali kusankha pakati pa ufulu wa munthu mmodzi ndi moyo wa anthu onse. Ine ndikuona kuti pa nkhani ya HIV ziwirizi zimayendera limodzi, ndipo mbiri yathu yomwe ikutsimikiza zimenezo.

Kumene mantha anachokera

Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi anadziwika mu 1985. M'nthawi ya Kamuzu Banda nkhaniyi sinkakambidwa poyera, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1990 maliro anali atasanduka ntchito ya tsiku ndi tsiku. Aphunzitsi, asilikali, anamwino, alimi, onse ankapita. Anthu atasowa pogwira, mu 1995 anakhamukira miyandamiyanda kwa Billy Chisupe ku Machinga kukamwa mchape, mankhwala azitsamba omwe ankati amachiza Edzi. Bungwe la National AIDS Commission linakhazikitsidwa mu 2001, ndipo mu 2004 mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Bakili Muluzi, ananena poyera kuti mchimwene wake anamwalira ndi Edzi. Chaka chomwecho ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma ndi ndalama za Global Fund, thumba la padziko lonse lolimbana ndi Edzi, TB ndi malungo.

Malamulo ambiri a HIV mu Africa analembedwa ndi anthu amene anali atangochoka kumanda. Mu 2004, pa msonkhano wa ku N'Djamena m'dziko la Chad, kunatuluka chitsanzo cha lamulo chimene maiko ambiri a kumadzulo ndi pakati pa Africa anakopera, ndipo m'kati mwake munali chilango cha opatsira anzawo kachirombo. Kwathu kuno, bungwe lounika malamulo la Law Commission linatulutsa lipoti lake mu 2008, ndipo maganizo ofananawo analowamo. Olembawo sanali anthu ankhanza. Ankafuna kuti imfa zileke, ndipo chida chimene boma limachidziwa bwino ndi chilango.

Koma lamulo lisanafike n'komwe ku Nyumba ya Malamulo, ku Mwanza kunachitika zinthu zosonyeza mmene chilangocho chimagwirira ntchito chikafika m'manja mwa anthu. Mu 2009 apolisi anagwira amayi powaganizira kuti ndi oyendayenda, n'kuwatengera kuchipatala cha boma komwe anawayeza magazi popanda kuwafunsa. Zotsatira zinawerengedwa m'khoti, anthu onse akumva, ndipo ena mwa amayiwo anamvera pomwepo koyamba kuti ali ndi kachirombo. Panalibe uphungu, panalibe wowakhazika pansi. Mlandu wawo unali pa gawo 192 lomwe lija. Amayi 11 anasuma, ndipo mu Meyi 2015 Jaji Dorothy nyaKaunda Kamanga, ku Khoti Lalikulu ku Blantyre, anagamula kuti kuyeza kokakamizako kunaphwanya ufulu wawo wa chinsinsi, wa ulemu ndi wosasalidwa, womwe malamulo aakulu a dziko amauteteza m'magawo 19, 20 ndi 21. Abambo omwe ankagona ndi amayiwa palibe amene anatengeredwa kuchipatala.

Zimene zinali mu bilu, ndi chifukwa chake zinachotsedwa

Bilu yomwe inafika ku Nyumba ya Malamulo mu 2017 inkafuna kuti magulu ena a anthu aziyezedwa mokakamiza, monga amayi oyembekezera ndi amuna awo, antchito a m'nyumba, ndi ofuna kulowa ntchito za yunifolomu. Inkafunanso kuti kupatsira munthu kachirombo, mwadala kapena mosasamala, ukhale mlandu wapadera wokhala ndi chilango chake.

Maganizo a omwe ankafuna zimenezi tiyenera kuwamva mwaulemu, chifukwa si opanda pake. Alipo amayi ambiri amene analowa m'banja ali bwinobwino, osadziwa mwamuna wina aliyense, n'kudzazindikira patapita zaka kuti bambo ankamwa mankhwala mobisa ku ntchito. Alipo atsikana omwe anawonongedwa ndi zidyamakanda zodziwa bwino mmene m'thupi mwawo mulili. Munthu wotere akafunsa kuti, "Ndiye amene wandichita izi azingoyenda?" sungamuyankhe ndi mawu a pamsonkhano wa kuhotela. Mkwiyo wake ndi woona.

Vuto limabwera ukafunsa kuti lamulo lotere lidzagwira ndani. Mlandu wopatsira mnzako umafuna kuti ukhale ukudziwa kuti uli ndi kachirombo. Nanga m'banja la ku Malawi amayamba kudziwa ndani? Ndi mayi, chifukwa ndiye amapita kusikelo, ndipo kusikelo amayeza. Bambo amatha zaka osaponda pachipatala. Ndiye taganizirani mayi woyembekezera amene watuluka m'kachipinda ka uphungu, buku lake la kuchipatala lili m'manja, botolo la mankhwala walikulunga m'chitenje. Akafika kunyumba n'kuulula, akhoza kumenyedwa kapena kuthamangitsidwa, achibale a mwamuna akunena kuti ndiye wabweretsa matenda. Akabisa, lamulo lija likanamutcha chigawenga. Mwamuna amene mwina ndiye anabwera nako kachiromboko akanakhala wosalakwa pamaso pa khoti, chifukwa sanayezetse ndipo sankadziwa. Lamulo lolembedwa kuti liteteze amayi likanadzaza ndende ndi amayi omwewo, ndipo likanaphunzitsa aliyense kuti njira yopewera mlandu ndi kusayezetsa.

Palinso vuto la umboni. Anthu awiri akapezeka ndi kachirombo, amene anayamba kuyezetsa sindiye kuti ndiye anayamba kukhala nako. Munthu amatha kukhala nako zaka zambiri osadwala. Ngakhale m'maiko omwe ali ndi makina ofananitsira tizirombo ta anthu awiri, akatswiri amanena kuti kuyeza kotero pakokha sikungatsimikize kuti wapatsira mnzake ndi uyu. Bwalo la majisitireti la kuboma, lopanda katswiri ndiponso woimbidwa mlandu alibe loya, limatsala ndi mphekesera ndi mantha. Zimene zinamuchitikira E.L. n'zomwezo.

Nanga wogwiririra, kapena wogona ndi mwana, kapena wovulaza mnzake mwadala? Malamulo owalanga alipo kale. Mu 2016 bambo wa ku Nsanje yemwe ankagwira ntchito ya ufisi, ndipo anavomera yekha kuti ali ndi kachirombo, anamangidwa zaka 2 pa lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi, lomwe limaletsa miyambo yoipa. Ambiri anadandaula kuti chilangocho chinachepa, ndipo dandaulo limenelo n'lomveka. Koma mlandu wake unali zimene anachita kwa amayi, ndipo sipanafunike lamulo loika chizindikiro pa munthu aliyense amene ali ndi HIV kuti iye aimbidwe mlandu.

Amene anafotokozera aphungu zonsezi mwamphamvu anali amayi omwe ali ndi kachirombo eni ake, kudzera m'mabungwe awo monga COWLHA ndi ICW, pamodzi ndi maloya ndi omenyera ufulu. Anakumana ndi aphungu, nafotokoza za moyo wawo maso ndi maso. Pa 28 Novembala 2017 Nyumba ya Malamulo inavomereza biluyo itachotsamo zokakamiza kuyezetsa zija ndi mlandu wopatsira kachirombo, ndipo inakhala lamulo mu 2018. Maiko ena afika pa mfundo yomweyi kudzera m'makhoti: ku Kenya, mu 2015, Khoti Lalikulu linathetsa gawo 24 la lamulo lawo la HIV ponena kuti silinkafotokoza bwino chimene munthu akulakwa.

Zimene lamulo la 2018 limanena

Mwachidule, lamuloli limaletsa kusala munthu chifukwa ali ndi HIV kapena chifukwa akuganiziridwa kuti ali nako, ndipo wosalayo akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Bwana saloledwa kukuyezetsa magazi ngati njira yokulembera ntchito, ngakhale kukuchotsa chifukwa cha kachirombo. Mfundoyi makhoti anali ataiona kale: pa mlandu wa Banda ndi Lekha, bwalo loona za ntchito linagamula kuti kuchotsa wantchito chifukwa wapezeka ndi HIV ndi tsankho. Sukulu nayonso siyenera kukana kapena kuthamangitsa wophunzira pa chifukwa chimenechi. Kuyeza mokakamiza n'koletsedwa, kupatula pomwe khoti lalamula pa milandu monga yogwiririra. Mwana wa zaka 13 kupita m'tsogolo akhoza kukayezetsa popanda chilolezo cha makolo, ndipo izi n'zofunika kwa atsikana amene sangayerekeze kuuza bambo awo chifukwa chomwe akufunira kuyezetsa.

Gawo lovuta kwambiri ndi la chinsinsi. Zotsatira za magazi ndi za mwini wake. Komabe lamulo linasiya khomo lopapatiza: wazaumoyo akhoza kudziwitsa mkazi, mwamuna kapena bwenzi la munthuyo ngati akuona kuti ali pachiopsezo, koma atayamba wapereka uphungu kwa mwini wakeyo ndi kumupatsa mpata woti aulule yekha. Apa ndi pamene dandaulo la mayi wobisiridwa uja likuyankhidwa, popanda apolisi. Khomo limeneli likufuna anamwino ndi aphungu a zaumoyo anzeru, chifukwa kuulula kosakonzekera kukhoza kupulumutsa munthu mmodzi n'kuika wina pa nkhanza. Chilolezochi sichifika kwa apongozi, abusa, mfumu kapena bwana wa kuntchito.

Lamuloli limaletsanso miyambo yofalitsa kachirombo, monga fisi, kulowa kufa ndi kusasa fumbi, komanso kufalitsa bodza lokhudza HIV, kuphatikizapo kulengeza kuti uli ndi mankhwala ochiza. Mfundo yomalizayi ikugwira ntchito masiku ano kuposa kale. Mchape wa lero sufunanso basi yopita ku Machinga. Umabwera pa TikTok, Facebook ndi WhatsApp, ndipo anthu ena anamangidwapo m'dziko muno chifukwa chogulitsa zomwe ankati ndi mankhwala ochiza otchedwa Gammora. Munthu akasiya ma ARV chifukwa cha botolo la pa intaneti kapena pemphero la mneneri, kachirombo kamachulukanso, ndipo nthawi zina kamabwerera katapima, mankhwala akale osagwiranso ntchito.

Chifukwa chake ufulu ndi nkhani ya zaumoyo

Chimene chinasintha zonse ndi sayansi, ndipo Amalawi anatengapo mbali. Kafukufuku wa HPTN 052, yemwe anachitikiranso ku Lilongwe ndi ku Blantyre, anaonetsa mu 2011 kuti munthu akayamba ma ARV msanga, mpata wopatsira mnzake wogonana naye umatsika ndi 96 pa 100 alionse. Kafukufuku wotsatira anatsimikiza kuti amene akumwa mankhwala mokhulupirika mpaka kachirombo kosaonekanso poyeza magazi sapatsira mnzake pogonana. Pa kuyamwitsa chiopsezo sichitheratu, koma chimatsika kwambiri. Mu Julayi 2011 Malawi anakhala dziko loyamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachirombo, osadikira kuyeza chitetezo cha m'thupi. Njirayi, yotchedwa Option B+, bungwe la WHO linadzailimbikitsa kwa maiko ena. Mu 2016 aliyense wopezeka ndi HIV anayamba kupatsidwa mankhwala nthawi yomweyo.

Tanthauzo lake n'lakuti munthu woopsa pa kufala kwa HIV si amene akudziwa ndipo akumwa mankhwala. Kachirombo kamayenda kwambiri kudzera mwa amene sakudziwa, kapena amene anasiya mankhwala. Choncho chilichonse chothamangitsa munthu pakhomo la chipatala, kaya ndi mantha a ndende, kaya ndi mantha oti mudzi wonse umva, chikuthandiza kachirombo.

Ziwerengero zikugwirizana ndi zimenezi. Kafukufuku wa HIV wa m'dziko lonse la Malawi, wotchedwa MPHIA, wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti akuluakulu 8.9 pa 100 alionse ali ndi HIV, amayi 10.5 ndipo abambo 7.1. Mwa omwe ali ndi kachirombo, 88 pa 100 alionse ankadziwa. Mwa odziwawo, pafupifupi 98 ankamwa mankhwala. Ndipo mwa omwa mankhwalawo, pafupifupi 97 kachirombo kanali katagonja. Kwa dziko losauka ngati lathu, lokhala ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni omwe ali ndi HIV, izi n'zazikulu, ndipo zinatheka ndi anthu obwera kuchipatala mwa kufuna kwawo, osakakamizidwa. Chiwerengero chofooka ndi choyambacho, cha odziwa, ndipo otsalira kwambiri ndi abambo ndi achinyamata, anthu omwe lamulo loopseza likanawathawitsa kwambiri.

Pomwe pakadali mabala

Gawo 192 la Penal Code silinachotsedwe. Chigamulo cha ku Zomba chiyenera kutsatidwa ndi mabwalo ang'onoang'ono, koma wapolisi wa kumudzi amene sanamvepo za E.L. akhoza kulembabe mlandu womwewo mawa, ndipo woimbidwa mlandu wopanda loya akhoza kungovomera kuti zithe. Aphungu akanachita bwino kulikonza gawoli kuti lisagwirenso ntchito pa HIV mwanjira imeneyi.

Koma kuphwanya ufulu kochuluka sikufika n'komwe kukhoti, chifukwa kumachitika m'malo ang'onoang'ono. Chipatala chikakhala ndi khomo limodzi kapena tsiku limodzi la ma ARV, aliyense wokhala pa benchi imeneyo waululidwa popanda wina kutsegula pakamwa. N'chifukwa chake mumapeza munthu akudutsa chipatala cha kwawo n'kulipira minibasi kukalandira mankhwala kutali, ndipo mwezi umene ndalama yasowa, mankhwala amadukiza. Mwana wa kusukulu yogonera amathira mapiritsi m'kapepala kapena kuika thonje m'botolo kuti asamalire m'chikwama, n'kumadikira anzake agone kuti amwe; tsiku lina tulo timamupeza asanamwe. Wantchito wa m'nyumba amene abwana ake apeza botolo m'chipinda chake sauzidwa kuti wachotsedwa chifukwa cha kachirombo. Amangouzidwa kuti ndalama zavuta. Lamulo limamuteteza, koma iye salidziwa, ndipo sadziwa kuti angadandaule ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake, ku Malawi Human Rights Commission, ku ofesi ya Ombudsman ngati wolakwa ndi wa boma, kapena ku Legal Aid Bureau. Mabungwe a anthu omwe ali ndi kachirombo, monga NAPHAM ndi MANET+, akhala akuyenda ndi anthu otere kwa zaka zambiri, koma sangafike paliponse.

Kenako pali magulu omwe malamulo ena amawakankhira kumdima. Amayi oyendayenda ali ndi chiwerengero cha HIV chokwera kwambiri kuposa amayi ena, ndipo kwa zaka zambiri ankangotoledwa usiku pa mlandu wa vakabu, kufikira Khoti Lalikulu linathetsa gawo 184(1)(c) la Penal Code pa mlandu wa Mayeso Gwanda mu 2017. Amuna ogonana ndi amuna anzawo akadali pansi pa magawo 153 ndi 156 a Penal Code, omwe khoti linakana kuwathetsa mu Juni 2024. Nkhani imeneyi Amalawi amasiyana maganizo kwambiri, ndipo zipembedzo zili ndi mawu amphamvu. Koma kaya munthu akuganiza zotani, mfundo ya zaumoyo siisintha: amene akuopa kumangidwa sauza dokotala zoona, ndipo ambiri mwa amunawa ali ndi akazi kunyumba. M'ndende namo, kuthinana ndi chakudya choperewera, zomwe khoti linadzudzula kale mu 2009 pa mlandu wa Gable Masangano, zimapangitsa TB kufala pakati pa akaidi omwe chitetezo chawo n'chotsika kale.

Bala lalikulu kuposa onse ndi la ndalama. Ufulu wolandira mankhwala uli m'malamulo a Malawi, koma mankhwalawo agulidwa kwa zaka zonsezi makamaka ndi Global Fund, pomwe ndalama za PEPFAR, ndondomeko ya dziko la America yomwe inayamba mu 2003, zakhala zikulipira aphungu a zaumoyo ambiri, oyeza magazi, osunga kaundula wa odwala pa kompyuta, ndi omwe amatsatira munthu akasowa pa tsiku lake lolandira mankhwala. Boma la America litaimitsa thandizo la kunja mu Januwale 2025, ena mwa antchitowa anauzidwa kuti akhale kunyumba, ndipo malo ena othandizira magulu osalidwa aja anatsekedwa. Anthu amenewa ndi omwe amachititsa kuti chinsinsi ndi uphungu zolembedwa m'lamulo zichitikedi: akachoka, namwino mmodzi amatsala ndi mzere wa anthu mazana, ndipo nthawi yokhazika munthu pansi payekha sipezekanso. Mu 2001 atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti azipereka 15 pa 100 alionse a bajeti ku zaumoyo. Aphungu a Nyumba ya Malamulo, yomwe inaonetsa kulimba mtima mu 2017, ali ndi ntchito ina pa bajeti ya chaka chilichonse, yoonetsetsa kuti malipiro a antchito amenewa ndi gawo lokulirapo la mtengo wa ma ARV zikuchokera m'thumba la boma la Malawi.